Utsi wa Pantchito: Mbiri ya Ndondomeko Zothandiza Antchito Kusiya Fodya

Malamulo oyambirira oletsa kusuta fodya pamalo a ntchito sanaikidwe pofuna kuteteza mapapo a munthu. Chimene eni ntchito ankaopa ndi moto. M'migodi ya malasha ku Britain, momwe mpweya wa pansi umaphulika ukangokumana ndi kamoto, munthu ankasechedwa asanatsike, ndipo wopezeka ndi machesi, kaliwo kapena ndudu m'thumba ankaimbidwa mlandu. Pa 25 Malichi 1911, fakitale yosoka zovala ya Triangle Shirtwaist mumzinda wa New York inapsa n'kupha anthu 146, ambiri mwa iwo atsikana ndi amayi omwe anali atangosamukira kumene m'dzikolo. Ofufuza anaganiza kuti motowo unayambira m'bokosi la zidutswa za nsalu momwe munagwera machesi kapena ndudu yosazimitsa bwino. Kusuta kunali koletsedwa kale mufakitalemo, koma odula nsalu ankasuta mobisa, ndipo chimene chinachulukitsa imfa ndi zitseko zomwe eni ake ankazikhoma.

Panalinso mabwana ena amene ankadana ndi ndudu pa zifukwa za makhalidwe. M'chaka cha 1914, Henry Ford, mwini kampani yopanga galimoto, anayamba kufalitsa timabuku totsutsa ndudu, ndipo anaikamo kalata ya Thomas Edison yonena kuti iye salemba ntchito munthu wosuta ndudu. Kwa amuna awiriwa, wosuta anali munthu wofooka mtima ndi wosadalirika. Mabwana oterewa sankaganiza zomuthandiza: ankangomuletsa, apo ayi kumuchotsa.

Maganizo amenewa anakokoloka ndi nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Asilikali ankapatsidwa ndudu pamodzi ndi chakudya, ndipo ku America mchitidwe woika ndudu m'mapaketi a chakudya cha asilikali unadzatha mu 1975. Amuna anabwerera kwawo ali ndi chibaba, amayi amene analowa m'mafakitale nthawi ya nkhondo anaphunziranso kusuta, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 kambale kotayiramo phulusa kanali pa tebulo la ofesi iliyonse. Anthu ankasuta pamisonkhano, m'mabanki, m'ndege, ngakhale m'zipinda za odwala m'chipatala. Mu 1965, anthu akuluakulu 42 pa 100 alionse ku America anali osuta.

Umboni woti fodya amapha unatulukira makamaka pakati pa anthu a ntchito imodzi. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill ku London, komanso Ernst Wynder ndi Evarts Graham ku America, anaonetsa kuti pafupifupi onse odwala khansa ya m'mapapo amene anawafunsa anali osuta. Chaka chotsatira Doll ndi Hill analembera madokotala a ku Britain kuwafunsa za kasutidwe kawo, ndipo madokotala aamuna oposa 34,000 anayankha. Anasankha madokotala chifukwa maina awo anali m'kaundula, choncho kunali kosavuta kuwatsata mpaka imfa. Kafukufukuyu anatenga zaka 50. Anapeza kuti wosuta moyo wake wonse amataya zaka pafupifupi 10, ndiponso kuti wosiya asanakalambe amabwezeretsa zambiri mwa zakazo. Doll mwiniwake anasiya fodya ali mkati mwa ntchito yoyamba ija, ndipo madokotala ndiwo anali gulu loyamba la antchito kusiya mwaunyinji. Bungwe la Royal College of Physicians linatulutsa lipoti lake la kuopsa kwa fodya mu 1962, ndipo pa 11 Januwale 1964 Luther Terry, mkulu wa zaumoyo m'boma la America, analengeza zomwezo pamaso pa atolankhani.

Kudziwa kuti chinthu chimapha n'kosiyana ndi kutha kuchisiya, ndipo pa nthawiyo achipatala analibe zambiri zopatsa munthu wofuna kusiya. Ena mwa amene anayamba kutseka mpatawu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist. Mu 1959 dokotala J. Wayne McFarland ndi m'busa Elman Folkenberg anakonza maphunziro a masiku asanu otchedwa Five-Day Plan. Anthu ankakumana madzulo asanu otsatizana. Dokotala ankafotokoza zimene zikuchitika m'thupi, m'busa ankalimbitsa mitima, ndipo ophunzira ankalangizidwa kumwa madzi ambiri, kudya zipatso, kupewa mowa ndi khofi, kupuma mozama chibaba chikabwera, ndi kukhala ndi mnzake woti aziimbirana foni. Zambiri mwa njirazi, makamaka kusankha tsiku limodzi losiyira ndi kuyenda awiriawiri, zinadzaonekanso m'makalasi amene makampani anatsegula pambuyo pake.

Nkhaniyi inalowa m'mafakitale kudzera pa fumbi. Irving Selikoff ndi anzake ku New York, pofufuza amisiri ogwira asibesitosi, anapeza kuti fumbi ndi utsi zikakumana m'mapapo ngozi yake siingophatikizana koma imachulukitsana. Malinga ndi zimene anatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, asibesitosi payekha ankachulukitsa ngozi ya khansa ya m'mapapo pafupifupi kasanu, fodya payekha pafupifupi kakhumi, koma ziwirizi pamodzi zinkaichulukitsa kuposa ka 50. Kampani ya Johns-Manville, yomwe inali yaikulu pa malonda a asibesitosi, inaletsa kusuta m'mafakitale ake m'zaka zomwezo. Mabungwe a antchito sanasangalale nazo, ndipo nkhawa yawo inali yomveka: ankaona kuti bwana akhoza kuloza chala ndudu ya wantchito pofuna kuti anthu asayang'ane fumbi limene iye akumupumitsa. Kukayikirana kumeneku kunatsata ndondomeko zosiyitsa fodya kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri kumene bwana anayamba ndi kuchotsa fumbi asanalankhule za ndudu, antchito ankamumvera msanga.

Mlandu umene unasintha maganizo a ambiri unachokera mu ofesi, osati mufakitale. Donna Shimp, mlembi pa kampani ya matelefoni ya New Jersey Bell, ankadwala chifukwa cha utsi wa anzake, ndipo madandaulo ake atapanda kumveka anapita kubwalo la milandu. Mu 1976 woweruza Philip Gruccio anagamula kuti kampaniyo iletse kusuta pamalo pamene mayiyo ankagwirira ntchito. Mfundo imene inalemera kwambiri inali yakuti kampaniyo inali italetsa kale kusuta pafupi ndi makina ake olumikizira mafoni poopa kuti utsi uwawononga. Makina ankatetezedwa, munthu ayi. Mu 1981 Takeshi Hirayama wa ku Japan anaonetsa kuti akazi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo, ndipo mu 1986 C. Everett Koop, mkulu wa zaumoyo ku America, anatulutsa lipoti lotsimikizira kuti utsi wa wina umadwalitsa, ndi kuti kukhazika osuta mbali ina ya chipinda chomwecho sikuthetsa vutolo.

Kuti ndondomeko zimenezi zikule kwambiri ku America kusiyana ndi kwina, chifukwa chake ndi ndalama. M'dzikolo inshulansi ya chipatala ya anthu ambiri imalipiridwa ndi owalemba ntchito, mwambo umene unazika mizu nthawi ya nkhondo yachiwiri pamene boma linaletsa kukweza malipiro. Wantchito akadwala mtima, bilu imafika kwa bwana. M'zaka za m'ma 1970 mitengo ya chipatala inakwera kwambiri, ndipo makampani anayamba kuwerengera zimene ndudu imawadyera: masiku ojomba chifukwa cha matenda, mphindi zotulukira panja, inshulansi ya moto, kupenta makoma pafupipafupi. Mu 1979 kampani ya Johnson & Johnson inakhazikitsa ndondomeko ya Live for Life, yomwe inkapima thanzi la antchito ndi kuwapatsa makalasi a kadyedwe, masewera olimbitsa thupi ndi kusiya fodya. Ofufuza atayerekeza patapita zaka ziwiri, anapeza kuti osuta pafupifupi 23 pa 100 anali atasiya m'nthambi zomwe munali ndondomekoyi, pamene m'nthambi zina anasiya 17 pa 100. Kusiyanako sikunali kwakukulu, koma kunayezedwa mosamala. Kampani yopanga ndege ya Boeing inalengeza mu 1984 kuti ithetsa kusuta m'nyumba zake, ndipo Pacific Northwest Bell inatero mu 1985. Makampani oterewa anaphunzira kulengeza lamulo miyezi ingapo lisanayambe, n'kulipirira makalasi kwa ofuna kusiya.

Mankhwala oyamba a chikonga othandiza kusiya fodya nawonso anabadwira pantchito. Mu 1967 dokotala wina wa ku Sweden, Claes Lundgren, analembera mnzake Ove Fernö wa pa kampani ya mankhwala ya Leo mumzinda wa Helsingborg. Iye anali ataona kuti asilikali a m'sitima zoyenda pansi pa madzi, omwe sankaloledwa kusuta ali mkatimo, ankapirira bwino akaika fodya wonyowa kukamwa. Izi zinatanthauza kuti chimene thupi limalira si utsi koma chikonga, ndipo chikongacho chikhoza kuperekedwa mwa njira ina yopanda phula ndi mpweya woipa. Fernö, yemwenso anali wosuta kwambiri, anapanga chingamu chokhala ndi chikonga n'kuchiyesa pa iye mwini. Chingamu cha Nicorette chinaloledwa koyamba ku Switzerland mu 1978, ndipo ku America mu 1984. Tizigamba tomata pakhungu tinabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mapiritsi a bupropion mu 1997, ndipo a varenicline mu 2006.

Kubwera kwa mankhwala kunasintha mmene wosuta ankaonedwera. Lipoti la Koop la 1988 linanena poyera kuti chikonga chimamanga munthu mofanana ndi mankhwala ozunguza bongo. Kuyambira pamenepo, ndondomeko yabwino ya pantchito inasiya kukhala ya zikwangwani zoopseza ndi zithunzi za mapapo akuda. Inakhala ya phungu amene amakumana ndi kagulu ka antchito kamodzi pa mlungu kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, tsiku losiyira logwirizana, mankhwala aulere kapena otsika mtengo, ndi kachipangizo kopumiramo koyeza mpweya wa utsi wotsala m'thupi. Kachipangizoka kanathandiza pawiri. Kankatsimikizira kuti munthu wasiyadi, komanso kankamuonetsa nambala ikutsika patangopita tsiku limodzi kapena awiri, pa nthawi yomwe mutu ukuwawa, tulo sitikubwera ndipo mtima ukupsa msanga. Aphungu anaphunziranso kuuza anthu kuti kugwa si kulephera, popeza ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu.

Kenaka maboma analowererapo. Ogwira ntchito m'ndege, amene ankapuma utsi kwa maola ambiri m'chipinda chotsekeka, anamenyera nkhondo lamulo limene linaletsa kusuta pa maulendo afupiafupi a ku America mu 1988, n'kufalikira ku maulendo onse pofika 2000. Chigawo cha California chinaletsa kusuta m'malo ambiri a ntchito mu 1995 ndi m'mabala mu 1998. Pa 29 Malichi 2004, dziko la Ireland linakhala loyamba kuletsa kusuta m'malo onse a ntchito otsekeka, kuphatikizapo malo omwera mowa, ndipo nduna ya zaumoyo Micheál Martin inaliteteza lamulolo ngati lamulo la chitetezo cha antchito: wogulitsa mowa nayenso ali pantchito. Scotland inatsatira mu 2006 ndipo England pa 1 Julayi 2007. Ku Britain thandizo silinasiyidwe m'manja mwa mabwana okha, chifukwa zipatala za boma za NHS zinali zitatsegula kale nthambi zaulere zosiyitsa fodya kuyambira 1999. Mu 2007 bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE linalangiza olemba ntchito kuti azilola antchito kupita ku nthambizi nthawi ya ntchito osawadula malipiro.

Lamulo loletsa linapezeka kuti nalonso ndi mankhwala. Caroline Fichtenberg ndi Stanton Glantz atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko angapo mu 2002, anapeza kuti pamalo pamene kusuta kwaletsedweratu chiwerengero cha osuta chimatsika ndi anthu pafupifupi anayi pa 100 alionse, ndipo otsalawo amachepetsa ndudu zitatu pa tsiku. Makampani a fodya ankadziwa zimenezi kale. Zikalata zawo zamkati, zomwe zinatuluka poyera chifukwa cha milandu ya m'ma 1990, zinaonetsa kuti ankaopa kwambiri chiletso chathunthu kusiyana ndi kachipinda kosutiramo, n'chifukwa chake ankalimbikitsa mabwana kumanga tizipinda ndi kuika makina okoka utsi.

Funso lotsatira linali loti kodi munthu angalipidwe kuti asiye. Kevin Volpp ndi anzake a ku yunivesite ya Pennsylvania analiyesa pa antchito 878 a kampani ya General Electric. Theka linangouzidwa komwe kuli makalasi. Theka linalo linalonjezedwa madola 100 pomaliza kalasi, 250 posiya m'miyezi isanu ndi umodzi, ndi 400 pokhalabe osasuta miyezi ina isanu ndi umodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2009: pafupifupi 15 pa 100 mwa olonjezedwa ndalama anasiya, pamene mwa enawo anasiya asanu okha. Mu 2015 Scott Halpern anayesa njira ina pa antchito a kampani ya CVS ndi abale awo. Ena analonjezedwa madola 800, ena anauzidwa kuti ayambe aikapo madola 150 awoawo, omwe adzabwezedwa ndi 650 pamwamba akasiya. Amene anavomera kuika ndalama zawo ankasiya kwambiri, koma ovomerawo anali 14 okha pa 100, pamene mphoto yopanda chikole inavomerezedwa ndi 90 pa 100. Ku Netherlands, kafukufuku wa mu 2018 m'makampani 61 anapeza kuti makalasi a pagulu ophatikiza ndi mphoto ya mayuro 350 anasiyitsa 41 pa 100 kwa chaka chathunthu, poyerekeza ndi 26 pa 100 kwa a makalasi okha.

Manambala amenewa ayenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa amanena za anthu amene anadzipereka okha kulowa. Halpern atabwereza ntchitoyi mu 2018 pa osuta 6,006 a m'makampani 54, kuwerengera aliyense ngakhale wosafuna, njira yopambana zonse inasiyitsa anthu osakwana atatu pa 100, ndipo kungopereka mankhwala aulere popanda china kunasiyitsa osakwana mmodzi. Vuto lalikulu la ndondomeko za pantchito lakhala lomweli kuyambira pachiyambi: thandizo limagwira ntchito kwa amene wabwera, koma obwera ndi ochepa. Obwerawo kawirikawiri ndi a m'maofesi, amene angachoke pa desiki kwa ola limodzi, pamene osuta ambiri ali pakati pa omanga nyumba, oyendetsa magalimoto akuluakulu, a m'migodi ndi ogwira usiku.

Mzimu wa Ford ndi Edison sunafe. Mu 2005 kampani ya Weyco ku Michigan inayamba kuyeza antchito ake ngati ali ndi chikonga m'thupi, ndipo okana kuyezedwa anataya ntchito ngakhale ankasutira kunyumba. Mu Disembala chaka chomwecho bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linasiya kulemba ntchito anthu osuta, ndipo chipatala cha Cleveland Clinic chinachita chimodzimodzi mu 2007. Lamulo la inshulansi la ku America la 2010 linalola kuti wosuta azilipiritsidwa ndalama zowonjezera mpaka theka la mtengo. Zigawo 29 za dzikolo zili ndi malamulo oteteza osuta kuti asasalidwe polembedwa ntchito. Otsutsa njira zolangazi ali ndi mfundo yolimba: osuta ambiri anayamba ali ana, ambiri ndi osauka, ndipo kumumana munthu ntchito ndi kumumananso inshulansi imene ikanamugulira mankhwala osiyira. Chilango chimaphunzitsanso anthu kubisa, ndipo wobisa sapita kwa phungu. Kampani ina ya ku Tokyo, Piala, inasankha njira yofatsa mu 2017 pamene inapatsa osasuta masiku asanu ndi limodzi owonjezera a tchuthi pa chaka, pobwezera nthawi imene anzawo ankathera panja.

Kum'mwera kwa Africa nkhaniyi inadza kudzera m'malamulo a boma ndi mapangano a maiko. South Africa inakhazikitsa lamulo loyendetsera fodya mu 1993, ndipo nduna ya zaumoyo Nkosazana Dlamini-Zuma inalikhwimitsa mu 1999 kuti likhudze malo a ntchito, ngakhale linasiya mwayi wa chipinda chosutiramo. Migodi ya golide ya m'dzikolo, kumene amuna ambiri a ku Malawi ndi Mozambique anapita kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela, ili ndi vuto lofanana ndi la asibesitosi lija: fumbi la miyala limawononga mapapo, chifuwa chachikulu chimapeza polowera, ndipo fodya amawonjezera ngozi pa zonsezi. Pangano la WHO lolimbana ndi fodya linayamba kugwira ntchito pa 27 Febuluwale 2005. Gawo 8 la panganoli limafuna kuti malo a ntchito otsekeka akhale opanda utsi, ndipo gawo 14 limafuna kuti osuta athandizidwe kusiya. Zambia inalowa m'panganoli mu 2008, chaka chomwe inaletsanso kusuta m'malo a anthu onse, Zimbabwe mu 2014, Mozambique mu 2017, ndipo Malawi mu 2023.

Malawi anachedwa pa chifukwa chodziwika. Fodya wa bale amene amagulitsidwa kumisika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja kwa zaka zambiri, ndipo mawu alionse otsutsa ndudu ankamveka ngati otsutsa mlimi. Fodyayo pafupifupi yense amapita kunja, koma osuta aliponso kuno: kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwamuna mmodzi mwa anayi alionse a zaka 25 mpaka 64 ankasuta, pamene amayi anali pafupifupi atatu pa 100. Ambiri mwa amunawa alibe ofesi, alibe bwana wolipira inshulansi, ndipo sangafikiridwe ndi ndondomeko yonga ya Johnson & Johnson. Ndi alimi, asodzi, akabaza ndi aganyu, ogula ndudu imodziimodzi pa okala kapena opichira okha chingambwe. M'minda ya fodya muli vuto lina limene maofesi a ku Ulaya sanalidziwe: wothyola masamba onyowa ndi mame amalandira chikonga kudzera pakhungu, n'kumva nseru, chizungulire ndi mutu, ngakhale sanayatsepo ndudu chibadwire. Kumeneko chitetezo cha wantchito chimayambira pa magolovesi, chovala chosalowa madzi, sopo ndi madzi osamba, ndipo gawo 18 la pangano lija limatchula thanzi la anthu olima fodya.

Kwa antchito oterewa, WHO yaika chidwi pa thandizo losadalira bwana. Chingamu ndi tizigamba ta chikonga zinalowa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira mu 2009, ndipo bupropion ndi varenicline mu 2021. Mu Julayi 2024 bungweli linatulutsa malangizo ake oyamba a kathandizidwe ka akuluakulu ofuna kusiya fodya. Malangizowa amavomereza mankhwala anayi, kuphatikizapo cytisine, amene ndi wotsika mtengo ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito ku Bulgaria kuyambira m'ma 1960. Amavomerezanso mauthenga a pafoni, uphungu wa pagulu, ndi langizo lachidule la masekondi 30 mpaka mphindi zitatu lochokera kwa namwino kapena wazaumoyo aliyense amene wosuta wakumana naye. Potulutsa malangizowa, WHO inati mwa anthu 1.25 biliyoni ogwiritsa ntchito fodya padziko lonse, oposa 750 miliyoni amafuna kusiya, ndipo 70 pa 100 mwa iwo alibe kopeza thandizo.